Tifunseni za Maphunziro: Kodi Kanema Angaphunzitse Mwana M'kalasi?

Makalata ambiri amene afika ku tsamba lino m'miyezi yapitayi akhala akufunsa za nkhani imodzi, yomwe ndi kugwiritsa ntchito kanema pophunzitsa m'kalasi. Tasankhapo ochokera kwa makolo, aphunzitsi, wophunzira ndi a komiti ya sukulu, ndipo ena tawafupikitsa kuti onse apeze malo.

FUNSO: Ine ndili ndi mwana wamkazi amene ali mu Fomu 3. Teremu ino wakhala akubwera kunyumba n'kumandiuza kuti pa nthawi ya Jogalafe aonera kanema pa laputopu ya aphunzitsi awo. Fizi ndimaipeza movutikira, ndimachita kugulitsa nandolo ndi mbuzi, ndipo mwanayu ndimamuletsa kupita kunyumba zoonetsera mavidiyo pamsika pathu pano. Kodi n'zoona kuti mwana angaphunzire kanthu poonera kanema, kapena aphunzitsiwa angotopa nayo ntchito? Bambo wodandaula, Balaka.

YANKHO: Bambo, nkhawa yanu ndi ya kholo limene likudziwa kuwawa kwa fizi, ndipo sindikuipeputsa. Komabe musanapite kukaonana ndi ahedi, khalani pansi ndi mwana wanuyo mumufunse kuti kanemayo anatenga nthawi yaitali bwanji, aphunzitsi anali pati pamene iwo ankaonera, ndiponso atamaliza kuonera analemba kapena kukambirana chiyani. Mayankho ake ndi amene akuuzeni ngati tsiku limenelo kunali phunziro kapena kunali kungotayitsana nthawi.

Ndiyambe ndi kuwaikira kumbuyo aphunzitsiwo, chifukwa Jogalafe ndi limodzi mwa maphunziro amene kanema amathandiza kwambiri mwana wa ku Malawi. Dziko lathu silinachite malire ndi nyanja yamchere, kotero mwana wa ku Balaka sanaonepo madzi akukwera kumtunda ndi kubwereranso tsiku lililonse chifukwa cha mphamvu ya mwezi, sanaonepo madzi oundana akutsetsereka pang'onopang'ono m'mapiri a mayiko ozizira n'kumakumba zigwa, ndiponso sanaonepo phiri likuphulika n'kumalavula chiphalaphala cha moto. Zonsezi zili m'mabuku ake, ndipo a MANEB akhoza kumufunsa. Mphunzitsi akhoza kujambula pa bolodi kwa mphindi 40 zathunthu, ana n'kukopera notsi bwinobwino ndi kuziloweza, koma m'mutu mwawo mulibe chithunzi cha chinthu chimene akulowezacho. Kanema wa mphindi ziwiri amapereka chithunzicho. N'chimodzimodzinso ndi zinthu zimene zimachitika pang'onopang'ono moti diso silingazitsate, monga kumera kwa nyemba, zinthu zazing'ono kwambiri monga kachilombo ka malungo kakulowa m'magazi, ndi zimene zabisika m'thupi monga mmene mtima umapopera magazi. Pa zinthu zotere kanema amagwira ntchito imene singatheke ndi choko, ndipo kumuletsa mwana kuonera n'kumumana chimene anzake a m'masukulu olemera amachiona nthawi zonse.

Koma inunso mukunena zoona, ndipo vuto lake ndi lalikulu kuposa mmene aphunzitsi ambiri amaganizira. Mu 1984 katswiri wa zamaphunziro wa ku Israel, Gavriel Salomon, anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anapereka nkhani imodzimodzi kwa ana a pulayimale, ena n'kuionera pa kanema, ena n'kuiwerenga. Anapeza kuti anawo ankauona kanema ngati chinthu chophweka ndipo buku ngati chinthu chovuta, choncho poonera sankalimbikira kuganiza monga ankachitira powerenga. Ana athu nawonso anaphunzira kale kunyumba zoonetsera mavidiyo zimene mukunenazo kuti kanema akayamba ndiye kuti yakwana nthawi yopumula. Chizolowezi chimenechi amalowa nacho m'kalasi, ndipo ngati mphunzitsi sachithyola, mwana amatuluka atasangalala, akudziona ngati wamvetsa, koma mukamufunsa mawa lake amangokumbukira kuti moto unali wofiira. Chimene chimathyola chizolowezichi ndi mphunzitsi amene walemba mafunso pa bolodi kanema asanayambe, amene amamuimitsa pakati n'kufunsa kuti chachitika n'chiyani ndipo chichitike n'chiyani, ndiponso amene amapereka ntchito yolemba pomaliza.

Kutalika kwa kanema nakonso n'kofunika. Mu 2014 Philip Guo ndi anzake anaunika mmene anthu anaonerera makanema a maphunziro pa intaneti maulendo 6.9 miliyoni, ndipo anapeza kuti chidwi cha ambiri chimazilala kanema akapitirira mphindi zisanu ndi imodzi. Amenewo anali anthu akuluakulu amene anasankha okha kuphunzira, nanga kuli bwanji mwana amene wadzuka m'bandakucha, wayenda mtunda wautali ndipo wakhala m'kalasi lotentha la ku Balaka mwezi wa Okutobala? Mwana wanu akakuuzani kuti anaonera tizigawo tifupitifupi, aphunzitsi ali pomwepo akufunsa mafunso, athokozeni aphunzitsiwo. Akakuuzani kuti filimu inayenda mapiriyodi awiri aphunzitsi ali kwina akuchonga makope, muli ndi chifukwa chokwanira chokadandaulira kwa ahedi, ndipo pitani ndithu.

FUNSO: Ndimaphunzitsa Chingerezi pa sekondale ina yoyendera. Ana anga ankavutika kwambiri ndi sewero la Macbeth, ndiye ndinawapezera filimu yake. Anaikonda, ndipo ngakhale aja osayankhula m'kalasi anayamba kutsutsana ndi anzawo. Koma pa mayeso a pakati pa teremu ambiri analemba zinthu zimene m'buku mulibe. Kodi ndisiye kuwaonetsa? Mphunzitsi, Ntchisi.

YANKHO: Aphunzitsi, musasiye, koma musinthe kaonetsedwe kake. Shakespeare analemba sewero limeneli kuti anthu azilionera pa bwalo, ndipo mwana amene akulimbana ndi Chingerezi cha zaka zoposa 400 zapitazo, pamene Chingerezi cha lero chomwe chikumuvuta, amathandizidwa kwambiri akaona nkhope ya munthu amene akuyankhula, kunjenjemera kwa mawu ake ndi amene akumumvera. Kutsutsana kumene mwakuona pakati pa ana anu ndi phindu lenileni, ndipo aphunzitsi ambiri a mabuku amatha chaka chonse osakuona.

Chimene chakuchitikiranicho n'chodziwika bwino. Wokonza filimu sakonzera ana olemba mayeso, amakonzera anthu ogula matikiti, ndipo ali ndi ufulu wodula, wowonjezera ndi wosintha. Mu filimu ya Macbeth imene Roman Polanski anatulutsa mu 1971, oonera amaona ndi maso Macbeth akubaya Mfumu Duncan, pamene m'sewero kuphedwako kumachitika kuseri ndipo timangoona Macbeth akubwera ndi manja a magazi. Filimu yomweyo imatha ndi Donalbain, mwana wa Duncan, akupita kwa afiti a m'sewerolo, zimene Shakespeare sanalembe. Ya Justin Kurzel ya mu 2015 imayamba ndi maliro a mwana wa Macbeth, amene m'buku mulibe, imaonetsa mkazi wa Macduff, mdani wa Macbeth, ndi ana ake akuwotchedwa pamtengo pamene m'sewero amaphedwa ndi zigawenga kunyumba kwawo ku Fife, ndiponso imawotcha nkhalango ya Birnam pamene m'buku asilikali amadula nthambi n'kumayenda atazinyamula. Mwana amene walemba zimenezi pa mayeso a MSCE sakunama, akunena zimene anaona, koma wochonga ali ndi buku m'manja ndipo malikisi sangapereke.

Mu 2009 Andrew Butler ndi anzake a pa yunivesite ya Washington mumzinda wa St. Louis ku America anayesa nkhani yomweyi ndi maphunziro a mbiri yakale. Ophunzira ankawerenga nkhani yolondola ndiponso kuonera kachigawo ka filimu yotchuka yonena za nkhani yomweyo. Pamene filimu inkagwirizana ndi zolembedwa, ophunzira ankakumbukira zambiri, pafupifupi ndi theka kuposa pamene anangowerenga. Koma pamene filimu inkasemphana ndi zolembedwa, nthawi zambiri ankakumbukira za mu filimu zolakwikazo, ndipo ankazinena motsimikiza, ena mpaka kumati anaziwerenga m'buku. Chimene ndikufuna kuti mugwiritse pa kafukufukuyu ndi ichi: kuwachenjeza ophunzira mwachisawawa kuti mafilimu nthawi zina amasintha zinthu sikunathandize, koma kuwauza molunjika malo enieni amene filimu yasintha kunachepetsa vutoli kwambiri.

Izi zikutanthauza kuti filimuyo muyenera kuionera nokha yonse, buku lili pamwendo, musanaitengere m'kalasi. Kuionera nokha kuli ndi chifukwa chinanso, pakuti ya Polanski ili ndi malo oonetsa anthu ali maliseche ndi kukhetsa magazi koopsa, ndipo simungafune kuzizindikira zimenezo pamodzi ndi ana a Fomu 3, kenako n'kukazifotokoza pa msonkhano wa makolo. Mukatero, yambani ndi buku nthawi zonse. Werengani chigawo chimodzi m'kalasi, onetsani mphindi zisanu za chigawo chomwecho, ndipo apatseni ana ntchito yolemba zimene wokonza filimu wachotsa, zimene wawonjezera ndi chifukwa chimene akuganiza kuti anachitira zimenezo. Mwana amene angafotokoze chifukwa chake Shakespeare anabisa imfa ya Duncan pamene Polanski anaionetsa walimvetsa sewerolo kuposa amene wangoloweza mayina. Pomaliza, aloleni ana alisewere okha. Masukulu a dziko lino ali ndi mbiri yaitali ya zisudzo za m'Chingerezi kudzera m'mipikisano ya bungwe la ATEM, ndipo mwana amene wayankhula yekha mawu a Lady Macbeth pamaso pa anzake sangawasokonezenso ndi a mu filimu.

FUNSO: Pa sukulu yathu palibe labotale. Ndapeza makanema abwino kwambiri oonetsa mapulakitiko onse a Chemistry ndi Biology. Kodi amenewa sangalowe m'malo mwa labotale, popeza zipangizo tilibe? Mphunzitsi wa sayansi, Chitipa.

YANKHO: Aphunzitsi, ndikumvetsa chimene chakufikitsani pamenepa, ndipo kuonetsa ana kanema n'kwabwino kuposa kungowalembera pa bolodi zotsatira za pulakitiko imene sanaionepo. Koma kulowa m'malo mwa labotale ndiye ayi. Pa MSCE pali mapepala a pulakitiko, ndipo tsiku limenelo mwana amapatsidwa burette, kachubu kagalasi kokhala ndi milingo, m'manja mwake kuti adonthetse madzi dontho limodzilimodzi, awerenge mlingo diso lili molunjika, ndiponso aime pamene mtundu wasintha. Zimenezi amaphunzira ndi zala. Mu kanema zonse zimayenda bwino pa ulendo woyamba, palibe chotayika, palibe chipangizo chothina kapena chodontha, ndipo mwana sadziwa n'komwe kuti ntchitoyo ili ndi malo ovuta mpaka atakumana nawo m'chipinda cha mayeso manja akunjenjemera.

Palinso china chimene chimabisika. Mu 2004 Eric Mazur ndi anzake a pa yunivesite ya Harvard anapeza kuti ophunzira amene anangoonerera mphunzitsi akuchita chionetsero cha Physics sanamvetse mfundo zake mosiyana kwenikweni ndi amene sanaonerere n'komwe, koma amene anauzidwa kuti alosere kaye zotsatira asanaone anamvetsa bwinoko. Ngati zili choncho ndi chionetsero chochitikira pamaso pawo, kanema sangachite bwino kuposa pamenepo. Choncho mukamaonetsa, imitsani kanema mankhwala asanathiridwe, mwana aliyense alembe m'kope chimene akuganiza kuti chichitika, ndipo mukatero mupitirize.

Ndikupempheninso kuti kanema asakuiwalitseni zimene zili pakhomo panu, zija aphunzitsi timazitchula kuti TALULAR. Madzi ofiira a chidede amasintha mtundu n'kubiriwira mukawathira chidulo, ndipo amafiiranso mukawafinyira mandimu, kotero phunziro la ma acid ndi ma base likhoza kuchitika ndi zinthu za kukhitchini, mwana aliyense atagwira kabotolo kake. Kabotolo kamodzi ka iodine ndi chidutswa cha chinangwa n'zokwanira kuti kalasi lonse liyese starch. Kanema musungireni zimene n'zoopsa, zodula kapena zosaoneka ndi maso, monga sodium akuyaka pamadzi kapena selo likugawikana. Za burette ndi maikulosikopu, kambiranani ndi ahedi kuti ana a Fomu 4 akagwiritseko labotale ya sekondale yoyandikana nayo ya m'kilasita yanu mayeso asanafike.

FUNSO: Ndine wophunzira wa Fomu 2. Aphunzitsi akationetsa kanema wa Chingerezi, azungu ake amayankhula mothamanga ndipo ambirife sitimva. Bwanji osationetsa mafilimu omasuliridwa m'Chichewa ngati aja timagula kwa obena? Mtsikana, Mangochi.

YANKHO: Mwanawe, wachita bwino kunena, chifukwa anzako ambiri amangokhala chete n'kumaonerera zithunzi, aphunzitsi n'kumaganiza kuti onse akumva. Makanema ambiri a maphunziro anakonzedwera ana a ku America ndi ku Britain, ndipo katchulidwe ka mawu, liwiro ndi zitsanzo zake ndi za kumeneko. Ili ndi limodzi mwa mavuto akuluakulu a kanema m'makalasi athu.

Komabe mafilimu omasulira a pamsika si yankho lake. Anyamata amene amaikamo mawu a Chichewa aja ali ndi luso, koma cholinga chawo n'kuseketsa, ndipo amasintha mayina, kuwonjezera nthabwala ndi kupeka zokambirana zimene mwini filimu sanaziganizepo. Amenewo ndi oonera pa holide. M'kalasi, uwapemphe aphunzitsi mwaulemu kuti aziyatsa mawu olembedwa a Chingerezi amene amaoneka m'munsi mwa kanema, kuti uzimva ndi khutu uku ukuwerenga ndi maso. Ku India, Brij Kothari anatsogolera ntchito yoika mawu olembedwa a chiyankhulo chomwecho pa nyimbo za m'mafilimu zoulutsidwa pa wailesi ya kanema, ndipo zinathandiza anthu ambiri amene ankawerenga modukiza kuti aziwerenga bwino. Uwapemphenso kuti azibwereza kachigawo kovuta kawiri. Nthawi zina njira yabwino n'kuzimitsa mawu a mzungu uja, aphunzitsi ako n'kumafotokoza okha zimene zikuoneka m'Chingerezi chimene munachizolowera.

FUNSO: Komiti yathu ya sukulu ya pulayimale yasonkhanitsa ndalama, ndipo pali kusagwirizana. Ena akufuna tigule pulojekita ndi jenereta kuti ana aziphunzira ngati a m'tauni, ena akuti tigule mabuku ndi kukonza madesiki. Magetsi a ESCOM sanafike kuno. Tithandizeni. Wapampando wa komiti, Mchinji.

YANKHO: A wapampando, ine ndikanakhala pa msonkhano wanuwo ndikanavotera mabuku ndi madesiki, ndipo ndifotokoze chifukwa chake.

Mtengo wa pulojekita suthera pa tsiku logula. Pamafunika petulo nthawi iliyonse mukafuna kuyatsa jenereta, pamafunika laputopu ndi sipika yamphamvu, pamafunika chipinda cha zitseko ndi mawindo olimba kuti akuba asatenge, ndipo ikawonongeka ndi fumbi wokonza ali ku Lilongwe. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse m'dziko muno ndi amene ankaunikira magetsi, ndipo ngakhale masukulu amene ali nawo sangawadalire kwathunthu, monga tinaonera mu Januwale 2022 pamene namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kukhala mumdima wa maola ambiri pa tsiku kwa nthawi yoposa chaka. Ganiziraninso za kalasi lenilenilo. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi a ana oposa 100 si achilendo m'masitandade a m'munsi. Kuti chithunzi chioneke masana muyenera kutseka mawindo, ndipo ana ochuluka chotero m'chipinda chotsekedwa cha malata amayamba kuwodzera, pamene mvula ikagwa pa malatapo mawu samvekanso.

Mayiko ena anayesapo kale njira imeneyi ndi ndalama zambiri kuposa zanu. Mu 1971 dziko la Ivory Coast linayamba kuphunzitsa ana a pulayimale kudzera pa wailesi ya kanema, mothandizidwa ndi mabungwe akuluakulu a kunja, ndipo maphunzirowo ankakonzedwera mumzinda wa Bouaké. Patatha zaka pafupifupi khumi ntchitoyo inathetsedwa, mwa zina chifukwa cha kukwera mtengo kwake ndi madandaulo a makolo ndi aphunzitsi akuti ana sankatha kulemba bwino. Kale kwambiri, mu 1913, Thomas Edison, katswiri wotulukira zipangizo wa ku America, analosera kuti mabuku atha ntchito m'masukulu posachedwa chifukwa cha kanema. Papita zaka zoposa 110, ndipo mwana wa Sitandade 2 amene alibe buku logwira m'manja mwake sangaphunzire kuwerenga ngakhale muonetse kanema tsiku lililonse.

Anzanu amene akufuna pulojekita musawaone ngati osaganiza bwino, chifukwa akufunira ana zabwino, ndipo pali njira yowakwaniritsira chikhumbo chawo popanda kutha thumba lonse. Kambiranani ndi a PEA, alangizi a maphunziro a pulayimale, kuti masukulu a m'zoni yanu asonkherane pulojekita yaing'ono imodzi yoyendera sola, izisungidwa ku TDC, likulu la aphunzitsi la zoniyo, ndi kumabwerekedwa mosinthana. Makanema akhoza kutsitsidwa pa intaneti kamodzi kokha ndi kusungidwa pa fulashi, kuti musamagule bandulo nthawi zonse. Funsaninso kwa akuluakulu a maphunziro a m'boma lanu za ndondomeko ya BEFIT, imene inayamba mu 2023 kupereka matabuleti oyendera sola ku masitandade a m'munsi. Matabuleti amenewo ndi osiyana ndi kanema woonera gulu, chifukwa mwana aliyense amayankha yekha ndipo sapita patsogolo asanachite kanthu.

Chenjezo limodzi lokha ndi lakuti, chipangizo chikadzapezeka, wina adzabweretsa ganizo loonetsa mafilimu madzulo ndi kulipiritsa pakhomo kuti mupeze ya petulo. Kuonetsa filimu ku gulu molipiritsa ndi bizinesi imene imakhudzidwa ndi lamulo la umwini wa zaluso la mu 2016 ndiponso malamulo a bungwe lounika mafilimu, choncho musayambe musanafunse ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa zaluso.

FUNSO: Mwana wanga ndi wachialubino ndipo saona bwino zakutali. Akuti tsiku la kanema iye amangomva anzake akuseka. Nditani? Mayi, Dedza.

YANKHO: Mayi, pitani mukaonane ndi aphunzitsi ake sabata ino, chifukwa mwina sakudziwa kuti mwana wanu akutsalira. Apempheni kuti azimukhazika kutsogolo penipeni, pamalo pamene kuwala kwa dzuwa sikukumuthobwa m'maso, ndiponso kuti azimulola kuoneranso kanemayo payekha pa laputopu kapena pa foni, ataiyandikiza mmene iye akufunira. Mphunzitsi azifotokoza mokweza zimene zikuoneka, osangoti "onani apa", pakuti mawu amenewo alibe tanthauzo kwa mwana amene sakuona. Vuto lofanana nalo limagwera ana osamva pamene kanema alibe mawu olembedwa. Ngati m'zoni yanu muli mphunzitsi wa ana a zosowa zapadera, monga amene amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu, apempheni ahedi kuti amuitane adzathandize.

FUNSO: Ndimaphunzitsa History, ndipo pa intaneti ndapeza makanema akale enieni ojambulidwa m'dziko muno nthawi ya Nyasaland. Popeza si zisudzo koma zochitika zenizeni, ndikuganiza kuti amenewa ndingaonetse popanda nkhawa. Mukuti bwanji? Mphunzitsi, Nkhata Bay.

YANKHO: Aphunzitsi, mwapeza chuma, ndipo ana anu achione. Kuona misewu ya Blantyre ndi Zomba ya nthawi imeneyo, kavalidwe ka anthu, minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi nkhope za anthu amene ana amangowawerenga mayina, kumachititsa kuti mbiri ikhale ya anthu enieni. Koma nkhawa ikhalepo, mwina yoposa ya pa zisudzo, chifukwa mwana akaona chithunzi chakale chopanda mitundu amakhulupirira kuti umenewo ndi umboni wosatsutsika, osadziwa kuti wina anasankha koloza kamera, wina anadula zimene sanazifune, ndipo wina analemba mawu amene akumvekawo.

Makanema ambiri a nthawi imeneyo anajambulidwa ndi boma la atsamunda kapena makampani a nkhani a ku Britain. Pakati pa 1935 ndi 1937, ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment inakonza mafilimu ophunzitsa anthu akuda ndi kuwaonetsa m'madera a Tanganyika, Kenya, Uganda, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Kuyambira mu 1948 mpaka 1963, bungwe la Central African Film Unit, limene likulu lake linali ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, linkakonza mafilimu amene ankayendetsedwa pa galimoto kukaonetsedwa m'midzi. Ankaphunzitsa za ulimi, ukhondo ndi kusunga ndalama, kawirikawiri kudzera m'nkhani ya anthu awiri, wanzeru amene amamvera alangizi a boma ndi wopusa amene amakakamira za makolo ake. Zina mwa zimene ankaphunzitsa zinali zothandiza, koma pansi pake panali phunziro lina lakuti wanzeru ndi amene satsutsa boma, ndipo m'zaka za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, kanema anagwiritsidwanso ntchito pokometsera chitaganya chimene anthu ambiri a dziko lino ankachikana.

Choncho kanema wotere muzimuika pamaso pa ana ngati mboni imene iyenera kufunsidwa mafunso. Anajambula ndani, ankajambulira ndani, akuyankhula ndani, ndipo ndani akungooneka koma sakupatsidwa mpata woyankhula? Inu muli pamalo abwino kwambiri ochitira zimenezi, chifukwa pa doko la Nkhata Bay pomwepo asilikali anawombera anthu pa 3 Malichi 1959, tsiku limene bwanamkubwa Robert Armitage analengeza lamulo la zadzidzidzi ndi kumanga Dr Hastings Kamuzu Banda pamodzi ndi atsogoleri ena a Nyasaland African Congress. Mukapeza kanema wa nkhani wa masiku amenewo, ana amvetsere mawu amene wowerenga nkhaniyo akugwiritsa ntchito potchula anthu a Congress. Kenako muwawerengere zimene lipoti la Devlin la chaka chomwecho, la komiti imene boma la Britain linatuma kudzafufuza za chipwirikiticho, linanena, kuti Nyasaland inali itasanduka dziko lolamulidwa ndi mphamvu ya apolisi. Mukatero muwatume akafunse agogo a m'midzi yawo amene analipo kapena anamva kwa makolo awo, alembe zimene auzidwa, ndipo sabata yotsatira adzayerekeze maumboni atatuwo m'kalasi.